Ndakatulo ikalowa mu kompyuta, mizere yake imathera kuti?

Mwana wamkazi wa achemwali anga ali fomu 4 ndipo saona, maso anasiya ali sitandade 3 atadwala kwambiri. Holide ino anabwera kwathu ku Chinamwali atanyamula buku la ndakatulo lomwe akuphunzira kusukulu, buku la inki wamba loti iye sangaliwerenge, nde anandipempha kuti ankolo mundiikire mu laputopu kuti pulogalamu yanga ija izindiwerengera. Ine za kompyuta ndimazidziwako ndithu, ndinatsika mtauni kukasikanitsa buku lonse pamalo ena a fotokope, kubwerera kunyumba kulidutsitsa mu pulogalamu yosandutsa chithunzi kukhala malemba, tsiku limodzi ntchito yatha, fayilo kumupatsa mtima uli mbee. Madzulo ake ali ndi mahedifoni m'makutu anandiitana, akuti ankolo ndakatulo zija zili pati, apatu ndikungomva nkhani. Nditayang'ana ndinapeza mawu onse alipo palibe lomwe lasowa, koma mizere yonse yalumikizana, ndakatulo ya ndime zisanu yasanduka chindime chimodzi chachitali ngati kalata ya kwa a DC. Zinandipweteka, chifukwa ine ndi maso angawa ndinaona ngati ndamuthandiza pomwe ndinamupatsa chinthu china osati chomwe anzake akuwerenga mkalasi. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuifufuza nkhaniyi, ndipo ndikufuna ndiifotokoze bwinobwino kwa aliyense amene amataipira kapena kusikanira m'bale wake, mwana wasukulu kapena mkhristu mnzake wosaona.

Mnzanga wina nditamuuza anandifunsa kuti munthu woti saona mizere aidziwira chani, si mawu ndi omwewo? Ambiri timaganiza choncho, timatenga mzere ngati chokongoletsa cha maso basi. Taonani timizere iti, ndangopeka ndekha kuti timvane:

Chifunga chatsika paphiri
chaphimba Mulunguzi
usalire
mwana wanga wapita

Apa akuyankhula ndi kholo lomwe mwana wake wapita, likutonthoza munthu wina, kaya ndi mkazi wake kaya ndi mtima wake womwe. Tsono mizere iwiri yomalizayo tiidule pena:

usalire mwana wanga
wapita

Pano mwana alipo, ndi iyeyo amene akulira, wapita ndi wina, mwina bambo ake. Mawu ndi anayi omwewo, palibe chilembo chasintha, koma maliro asamuka nyumba. Alakatuli athu ambiri salemba mpumiro kapena mpatuliro paliponse, ntchito imeneyo amaisiyira mzere, pomwe mzere wathera mpomwe ukupuma, mpomwe mawu ena akusiyana ndi anzake. Ndiye makina akalumikiza zonse nkukhala "usalire mwana wanga wapita", wowerenga wosaona watsala ndi ntchito yolota chomwe mlakatuli ananena kale momveka.

Palinso zamkalasi. Aphunzitsi amati tiyeni tonse pa mzere wachitatu m'ndime yachiwiri, kapena pezani chibwereza chomwe chili kumayambiriro kwa mizere, ana oona angoloza chala afika, wathuyu ali ndi chindime chopanda mutu wake ayambira pati kuwerengera? MSCE alemba ngati anzake, MANEB yomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba imakonza mapepala a braille a ophunzira osaona, koma ngati zaka zonse pokonzekera ndakatulo ankaimva ngati nthano ndiye kuti pepalalo limupeza asanazolowere kuganiza m'mizere ndi m'ndime. Ndipo ife a ku Zomba za mphamvu ya mzere sitiyenera kuchita kuuzidwa. Mlakatuli Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 akuphunzitsa pa Chanco, anakhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu, ndipo ndakatulo zina ankazipeka nkumazisunga m'mutu. Ine ndimakhulupirira kuti chomwe chimatheketsa zimenezo ndi mzere, chifukwa ndi muyezo woti mutu umatha kunyamula, umaloweza umodzi nkugwirira unzake. Munthu wosaona amadalira kuloweza kuposa ife, nde kumuchotsera mizere ndi kumulanda chogwirira.

Tsopano tione pomwe zimasokonekera. Sikana payokha siwerenga, imangojambula. Tsamba lomwe mwasikana ndi chithunzi ngati cha paukwati, pulogalamu yowerengera osaona ikafika pamenepo ilibe choti inene. Ma PDF ambiri omwe timaponyerana pa WhatsApp ndi a mtundu umenewu, ife timaona mawu koma mkati mwake mulibe chilembo ngakhale chimodzi. Pamafunika sitepe yachiwiri yomwe amaitcha OCR, pulogalamu imayang'ana chithunzi chija nkumazindikira kuti aka ndi a, aka ndi m, mpaka kutulutsa malemba oti mutha kuwakonza mu Word. Ilipo yogula ngati ABBYY FineReader, ilipo yaulere ngati Tesseract, ngakhale Google Lens ya mufoni imachita zomwezo.

Vuto lenileni lili apa, ndipo mukalimvetsa ili zina zonse nzosavuta. M'buku mizere imatha pa zifukwa ziwiri zosiyana. M'nthano kapena m'nkhani mzere umathera pomwe pepala lathera, wolemba alibe nazo ntchito, bukulo atalisindikiza pa pepala lalikulu mizere ingathere pena ndipo palibe chingasinthe. Mu ndakatulo mzere umathera pomwe mlakatuli wafuna. Pamaso pa makina ziwirizi nzofanana, onse ndi mawu omwe atha kumanja nkuyambiranso kumanzere. Ndiye pulogalamu imayenera kusankha chimodzi, ikasankha kulumikiza mizere nthano zimatuluka bwino koma ndakatulo imafa monga inachitira yathu ija, ikasankha kusunga mzere uliwonse ndakatulo imapulumuka koma nkhani wamba imaduka zidutswazidutswa, wowerenga amamva mawu akuima pakati pa chiganizo ngati minibasi ya ku Songani yoima paliponse. Buku lasukulu limakhala ndi zonse ziwiri, mawu otsogolera, ndakatulo, kenako mafunso, choncho palibe batani limodzi lomwe mungadine nkukonza buku lonse. Pamafunika munthu akhale pansi, buku lenileni lili pambali, azipita tsamba ndi tsamba.

Ngakhale mutauza pulogalamu kuti sunga mizere yonse, misampha ilipobe. Mzere wina wa ndakatulo umakhala wautali woti sunakwane pa tsamba, osindikiza anaupinda, mawu awiri atatu otsala nkuwaika pansi atawalowetsa mkati pang'ono. Diso limadziwa kuti ndi mzere umodzi, makina amawerenga iwiri, ndakatulo ya mizere 20 imatuluka ndi 23. Pena ndime imadukira pakati chifukwa tsamba latha, makina amaika mpata ngati yayamba ndime ina, pena ndime imatheradi pansi penipeni pa tsamba ndiye mpata wake suoneka, ziwiri zimasanduka imodzi. Apa ngakhale munthu amafunika kuganiza, kuwerenga kuti ndime zinazo zili ndi mizere ingati, kuona ngati ganizo latha. Mutu wa buku womwe umabwerezedwa pamwamba pa tsamba lililonse ndi nambala ya tsamba zimagwera mkati mwa ndakatulo, ndinapeza malo ena mlakatuli akudandaula za njala kenako pakati pomwepo 47. Mabuku ena amaika timanambala m'mbali, 5, 10, 15, towerengera mizere, timeneto timamatirira ku mawu omaliza. Ndipo ndakatulo ikasindikizidwa m'mizati iwiri pa tsamba limodzi makina amatha kuwerenga chopingasa, mzere woyamba wa kumanzere nkuulumikiza ndi woyamba wa kumanja, zotuluka zake simungazimve mutu.

Chichewa chili ndi mavuto akenso apadera. Kachizindikiro kam'mwamba ka mu m'mudzi, n'kupita, ng'ombe nkakang'ono, pa pepala lakale kapena la fotokope yofooka makina amakataya kapena kukaona ngati kachitsotso. Komatu ng'oma ndi yoimba pomwe ngoma ndi nyama ya m'tchire, mlakatuli akati ng'oma yalira ife nkulemba ngoma yalira tasintha ndakatulo. Chilembo cha ŵ chomwe chili m'mabuku ambiri akale chimatuluka w wamba kapena chizindikiro chachilendo. Word nayo imalowerera, ikaona mawu achichewa imafuna kuwakonza kuti akhale achingerezi, ndipo mukangodina Enter imakuza yokha chilembo choyamba cha mzere wotsatira ngakhale mlakatuli analemba chaching'ono dala. Musanayambe ntchito kazimitseni zimenezo mu AutoCorrect, ine ndinazidziwa nditataipa kale ndakatulo zingapo.

China chomwe sindinkachiganizira nkomwe nchoti osaona sawerenga njira imodzi. Alipo owerenga ndi zala pa pepala la braille, alipo ogwiritsa kachipangizo kotulutsa braille kolumikiza ku foni kapena kompyuta, ndipo ambiri masiku ano amamvera ndi khutu. Fayilo imodzi yomweyo iyenera kutumikira onsewa, ndipo aliyense mzere umamufika mosiyana.

Tiyambe ndi pepala. Braille anaiyambitsa Louis Braille wa ku France yemwe anabadwa mu 1809 nkuchita khungu ali mwana, buku lake loyamba lofotokoza njirayi linatuluka mu 1829. Chilembo chilichonse chimakhala m'kachipinda ka timadontho 6, anzathu amangoti selo, titatu kumanzere 1, 2, 3 kuchokera pamwamba, titatu kumanja 4, 5, 6. Timadontho timeneti simungatichepetse ngati momwe timachepetsera zilembo pa kompyuta, kukula kwake ndi kwa nsonga ya chala basi. Ndiye pepala lalikulu la braille limatenga maselo pafupifupi 40 pa mzere ndi mizere 25 pa tsamba, la A4 limachepera pamenepo. Tsono ganizirani mawu athu achichewa momwe amatalikira, ndidzakukumbukirani lokhalo ndi zilembo 19, pafupifupi theka la mzere latha ndi liwu limodzi. Mzere wa ndakatulo womwe pa inki unakwana bwinobwino pa braille uyenera kupindika, ndipo chala chiyenera kudziwa kuti apa ndi mlakatuli wayamba mzere wina kapena ndi pepala chabe lachepa. Olemba braille anaipeza kale njira, mzere weniweni umayambira pa selo yoyamba kumanzere kwenikweni, zotsalira zake zimayambira pa selo yachitatu. Chala chikatsika nkupeza mpata wa maselo awiri chimadziwa kuti ndikadali mumzere womwe uja. Pakati pa ndime amasiya mzere wopanda kanthu, ndipo ndime ikathera pansi pa tsamba osindikiza osamala amasiya mpata pamwamba pa tsamba lotsatira kuti wowerenga asaganize kuti ndime ikupitirira.

Njira imeneyi imadya mapepala, ndipo pepala la braille ndi lokhuthala komanso lodula, tsamba limodzi la inki limatha kutenga awiri kapena atatu. Mzere wa liwu limodzi ngati "usalire" uja umasiya maselo oposa 30 opanda ntchito. Apa mpomwe pamabwera chiyeso chongolumikiza kuti tisunge mapepala, ndipo sindikuweruza aphunzitsi omwe amagwira ntchito ndi rimu imodzi teremu yonse. Koma ilipo njira yachiwiri yovomerezeka, mu malamulo a Unified English Braille muli chizindikiro cha kutha kwa mzere, timadontho 4, 5, 6, mbali yonse ya kumanja. Ndakatulo imalembedwa mondondoza ngati nkhani koma pomwe mzere wa mlakatuli wathera amaikapo chizindikirocho, pepala lasungika mizere nayo yasungika. Mtsikana wathuyu akuti iye amakonda njira yoyamba chifukwa chala chimamva maonekedwe a ndakatulo, kutalika ndi kufupika kwa mizere, ndipo kubwerera pa mzere wachitatu nkosavuta. Yachiwiriyo akuti ndi yopirira nayo pakavuta. Ine ndili mbali yake, koma yachiwiriyo ndi yabwino kutalitali kuposa kulumikiza kopanda chizindikiro.

Kusandutsa malemba kukhala braille imachita ndi pulogalamu, yodziwika kwambiri ndi Duxbury, kenako makina osindikizira amabaya timadontho pa pepala. Chenjezo lake ndi ili, braille yachingerezi ili ndi zidule zambiri, th, ch, and, ing zimalembedwa ndi selo imodzi, ndiye mukaiwala kuuza pulogalamu kuti ichi ndi Chichewa imalowetsa zidule zimenezo mu anthu, chala, ndandanda. Kachizindikiro kam'mwamba kaja mu braille ndi kadontho 3, koma pulogalamu ikasokonezeka imakatenga ngati chotsekera mawu ogwidwa nkuika zina. Nkhani yabwino ndi yoti Liblouis, yomwe mapulogalamu ambiri aulere amadalira pomasulira braille, ili ndi tebulo la malamulo a braille ya Chichewa cha ku Malawi, ndipo mu NVDA, pulogalamu yowerengera osaona pa kompyuta, mutha kulisankha.

Kachipangizo ka braille kolumikiza ku foni nkabwino koma kamaonetsa mzere umodzi wokha nthawi imodzi, ena maselo 40, ena ngati Orbit Reader 20 maselo 20 okha. Munthu amawerenga ngati akusuzumira pa kazenera, tsamba lonse saligwira. Ngati mu fayilo mulibe chodula chenicheni pomwe mzere wathera, palibe njira ina iliyonse yoti adziwire.

Khutu ndiye nkhani yovuta kwambiri, ndipo ndi njira yomwe ambiri kuno ali nayo chifukwa foni ya Android ili kale ndi pulogalamu yowerengera osaona yotchedwa TalkBack, iPhone ili ndi VoiceOver, pa kompyuta pali NVDA yaulere yomwe anaiyamba anyamata awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh, mu 2006, komanso JAWS yogula. Mapulogalamu amenewa amapuma akaona mpumiro kapena mpatuliro, koma kutha kwa mzere kopanda chizindikiro nthawi zambiri amangodutsa ngati palibe kanthu makamaka mukawauza kuti werenga zonse osaima. Mtsikanayu amasankha mawu a Chiswahili pomvera Chichewa chifukwa achingerezi amachiphwanya kwambiri, ndiye tangoganizani, katchulidwe nkongoyandikira kale, mizere nayo isowenso. Chomwe amachita ndi kuwerenga mzere umodziumodzi ndi batani la muvi wotsika, kudina kumva mzere, kudina kumva wina, akafika pa mpata NVDA imanena kuti palibe kanthu ndiye amadziwa kuti ndime yatha. Kupuma kuja amakupanga yekha ndi chala chake. Koma izi zimatheka pokhapokha mizere ili m'malo mwake mu fayilo.

Ena amati bwanji osangoika mpatuliro kumapeto kwa mzere uliwonse kuti makina azipuma? Ndinayesa, zimamveka bwinodi kukhutu, koma ndinazichotsa ndipo sindingalimbikitse munthu kutero. Mukatero mwalemba ndakatulo yanu mu dzina la mwini wake. Pali mizere ina yomwe mlakatuli amafuna ithamangire mu inzake osapuma kwenikweni, ganizo limapitirira ngakhale mzere watha, ndipo kukoma kwake kuli pa kukokana kumeneko. Mwana akadzafunsidwa za zizindikiro za m'ndakatulo adzayankha za inu osati za mlakatuli, ndipo fayilo yomweyo ikadzapita ku braille mipatuliro yabodza ija idzabayidwa pa pepala mpaka kale.

Ndiye tizikonza bwanji? Mfundo yake ndi yoti kompyuta iuzidwe chomwe chinthu chili, osati momwe chikuonekera. Ambirife tikafuna kusuntha mawu timangodina batani la mpata kambirimbiri mpaka afike pomwe tikufuna, pa sikirini zimaoneka bwino, koma fayilo ikatsegulidwa pa foni kapena munthu wa maso ofooka akakuza zilembo zonse zimabalalika. Mu Word muli zodula ziwiri, Enter imayamba ndime yatsopano, Shift ndi Enter pamodzi zimangodula mzere mkati mwa ndime yomweyo. Ine ndinasankha kuti mizere ndizidula ndi Shift ndi Enter, ndime ndi Enter, ubwino wake ndi woti mtsikanayu akadina Ctrl ndi muvi wotsika amalumpha ndime yathunthu. Koma ena osindikiza braille amafuna mzere uliwonse ukhale pawokha utapatsidwa sitayilo ya ndakatulo kuti pulogalamu yawo idziwe poyambira zotsalira zija, choncho ngati fayilo ikupita kokasindikizidwa afunseni kaye musanavutike ndi buku lonse. Chachikulu musasakanize, njira yomwe mwayamba nayo mumalize nayo. Mutu wa ndakatulo iliyonse upatseni sitayilo ya Heading osati kungoudetsa, pamenepo wowerenga amatha kulumpha kuchoka pa ndakatulo ina kupita pa ina osadutsa buku lonse. Nambala za masamba a buku la inki musazitaye, aphunzitsi akati tsegulani tsamba 47 nayenso afike, koma ziikeni pa mzere wakewake osati pakati pa mawu.

Amene anakonza mtundu wa mabuku a osaona wotchedwa DAISY, bungwe lake linayamba mu 1996, anaiganizira nkhaniyi, mkati mwa fayilo muli zizindikiro zosaoneka zonena kuti apa payamba ndakatulo, ili ndi gulu la mizere, uwu ndi mzere umodzi. HTML, kalembedwe ka masamba a pa intaneti komwenso ndi maziko a mabuku a pa kompyuta a mtundu wa EPUB, ilibe chizindikiro chakechake cha ndakatulo, aliyense amapanga njira yake, nchifukwa chake ngakhale mabuku ogula a pa intaneti ndakatulo zake nthawi zina zimabwera zosokonekera. Ife a pakhomo sitingafike konseko, koma fayilo ya Word yokonzedwa mwaukhondo ndi chiyambi chabwino cha zonsezi, yauve imakhala yauve kulikonse komwe yapita.

Pali ndakatulo zina zomwe mizere ina imalowa mkati dala. Ambiri amatero akamatsanzira nyimbo zathu zamwambo, wotsogolera mzere wake uli kumanzere, ovomera mzere wawo walowa mkati, diso limaona nthawi yomweyo kuti pali mawu a anthu awiri. Kulowa mkati kumeneko ndi tanthauzo, kusungidwe. Pa braille mzere wolowa mkati umayambira pa selo yachitatu ndipo zotsalira zimakankhidwira mkati kwambiri kuti zisasokonezane nawo, ndipo NVDA ili ndi poisinthira kuti izinena kapena kuliza kabelu mzere ukalowa mkati. Zovuta zenizeni ndi ndakatulo zojambula chinthu, mawu atayalidwa ngati mtanda, ngati mtsuko kapena akutsika ngati madzi a pa Williams Falls. Apa palibe makina angathandize, wokonza amalemba kamawu kake kachidule ndakatulo isanayambe, kuti mizere ya ndakatuloyi yayalidwa ngati mtsuko, yifupi pamwamba yotambalala pakati, ndipo azionetsa poyera kuti awa ndi mawu a wokonza osati a mlakatuli. Kamawuko kafotokoze zomwe zili pa tsamba basi, tanthauzo lake amusiyire wowerenga alipeze yekha ngati momwe oona amachitira.

Mwina wina akufunsa ngati kusikana buku la eni nkololedwa. Mu June 2013 maiko anagwirizana pangano ku Marrakesh, ku Morocco, linayamba kugwira ntchito mu September 2016 ndipo Malawi analowamo mu 2017. Cholinga chake nchoti malamulo a umwini wa mabuku asatsekereze osaona, mabuku azitha kusandutsidwa braille, mawu omvera kapena fayilo yowerengeka ndi makina popanda kudikira chilolezo cha mwini, bola zikhale za osaonawo osati zogulitsa pamsika. A World Blind Union akhala akunena kuti mabuku opezeka m'njira zoti osaona awerenge safika ngakhale 10 pa 100 aliwonse, m'maiko osauka ndiye nzochepa kwambiri. Chomwe chinandigwira mtima m'panganoli nchoti limanenanso kuti kope lokonzera osaonalo lilemekeze ntchito ya mwini wake monga anailembera, kusintha kukhale kokhako kofunika kuti iwerengeke. Kwa ine ndakatulo yolumikizidwa mizere yalephera pamenepo, yalakwira wowerenga yalakwiranso mlakatuli.

Ndipo kunena zoona ntchito yonse ya sikana ndi OCR ndi yobwerera m'mbuyo. Buku lililonse latsopano linayamba ngati fayilo pa kompyuta ya osindikiza, mizere ili kale m'malo mwake, ife timatenga pepala nkumavutika kulibweza komwe linachokera. Zomba ndi tauni ya mabuku, silabasi imakonzedwa ku MIE ku Domasi, Centre for Language Studies ili pompano, aphunzitsi a ana osaona amaphunzitsidwa ku Montfort ku Nguludi komwe si kutali. Ndimalakalaka buku likangosankhidwa kuti lilowe m'sukulu fayilo yake yoyera izipita nthawi yomweyo kwa okonza braille ndi kwa ana omvera pa makina, tsiku lomwelo anzawo akulandira la inki. Alakatuli omwe mumaponya ntchito zanu pa Facebook nanunso, mukaika ndakatulo ngati chithunzi chokongola chokhala ndi maluwa kumbuyo, ikaninso mawu ake ngati malemba wamba pansi pake mizere ili bwinobwino, pali anthu akufuna kukuwerengani.

Buku lija tinaliyambiranso. Madzulo aliwonse magetsi akakhalapo timakhala pa tebulo, ine buku la inki m'manja iye laputopu ndi mahedifoni khutu limodzi, amadina muvi nkunena mokweza mzere womwe wamva, ine ndimatsatira ndi chala pa pepala, tikasiyana timaima nkukonza. Ndi pang'onopang'ono, tsiku labwino timamaliza ndakatulo zinayi. Poyamba ndinkaganiza kuti ine ndi amene ndizipeza zolakwika popeza ndili ndi maso, koma tsiku lina anandiimitsa akuti ankolo apa pakuyenera kukhala ndime yatsopano, ndime zonse za ndakatuloyi zikuyamba ndi mawu amodzimodzi ndipo mawuwo ndawamva pakati. Ndinayang'ana, ndime inathera pansi penipeni pa tsamba ndipo ine ndinailumikiza ndi yotsatira osazindikira. Tinaika mpata. Sukulu atsegulira Lolemba likubwerali, zatsala ndakatulo 11, ndamulonjeza kuti zotsalazo ndizimutumizira imodziimodzi pa foni ya aphunzitsi ake ndipo iye azindibwezera pomwe pakumveka mokayikitsa.